Zithunzi za apusi kuphiri la Zomba zikutuluka zogwedera

Mlongoti: Akuluakulu, chimachititsa n'chiyani kuti zithunzi za apusi pansi pa mitengo zizituluka zogwedera, koma kamera ili bwinobwino?

Nachisale: Achimwene, m'nkhalango kuwala n'kochepa, ndiye shutter (kachitseko kolowetsa kuwala m'kamera) imachedwa kutseka, pusi n'kusuntha. Ikani shutter pa 1/500 ya sekondi, aperture (kukula kwa bowo lolowera kuwala) pa f/5.6, ISO (mphamvu ya kamera yomva kuwala) mukweze ngakhale kufika 3200. Bola timadontho tobwera ndi ISO yokwera pachithunzi kusiyana ndi nkhope yosadziwika.

Chambe: Komanso autofocus (kamera ikamasankha yokha poti paoneke bwino) imathamangira masamba apatsogolo. Sankhani kadontho kamodzi ka autofocus, muloze padiso penipeni. Dzuwa la masana nalonso ndi mdani: limaponya zigamba zoyera paubweya. Kukachita mitambo ndiye pabwino.

Nachisale: Nthawi ya chiperoni lens imachita nthunzi. Silica gel (timibulu toyamwa chinyezi) asasowe m'chikwama, osapukuta lens ndi malaya.