Ng'azi za ku Mwabvi: ndalama tasonkhazi zipite kuti?

Mlembi: Akuluakulu, komiti yabwera ndi maganizo awiri oteteza ng'azi ndi abuluzi m'midzi yozungulira nkhalango yotetezedwa ya Mwabvi ku Nsanje: kulambula njira zotchinga moto, kapena kuthandiza mabanja kukonza makola a nkhuku. Thumba lathu silingakwanitse zonse ziwiri chaka chino.

Bambo a ku Bangula: Tiyambe ndi moto. Moto wa Seputembala ndi Okutobala, udzu utauma gwa, umanyeketsa zipika ndi mitengo ya tsanya ya mphako momwe ng'azi za kumtunda ndi agulo amabisala. Njira ikhale mamita 5 m'lifupi, yopalidwa mpaka dothi lioneke, mu Meyi kapena Juni. Udzu wopalawo osauunjika m'mphepete, chifukwa ukauma ndiwo umaolotsa moto. Koma m'kati mwa nkhalango sitingagwiremo khasu popanda chilolezo cha dipatimenti ya National Parks and Wildlife.

Mayi Msungichuma: Bambo, njira imeneyo imafuna kupalidwa chaka chilichonse. Adzalipira ndani chaka chamawa? Ng'azi zambiri zimafera pakhola, zikapezeka zikumeza mazira ndi anapiye. Kukweza khola pa mizati sikukwanira, ng'azi imakwera mtengo bwinobwino. Mzati uliwonse ukulungidwe ndi lata losalala, masentimita 50, kuti zikhadabo ziziterereka. Waya wopyapyala wotchingira khola uja ng'azi imang'amba. Pakufunika wolimba wa timabowo ta theka la inchi. Makwerero azichotsedwa masana, anapiye asamayende okha kutchire, mazira azitoledwa tsiku lililonse.

Achimwene a ku Johannesburg: Pepani, koma kwathu mijigo ikufa, ife tili pa abuluzi?

Bambo a ku Bangula: Funso labwino achimwene, koma ndalamazi zinasonkhedwera za chilengedwe. Ndipo ng'azi si yachabe: imadya nkhono, ziwala, zinkhanira ndi makoswe, pomwe ya m'madzi imafukula mazira a ng'ona. Musaiwalenso kuti lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017. Mnyamata wogwidwa akusaka m'nkhalango, kaya amafuna ndiwo kaya chikopa cha ng'oma, mlandu wake ndi wa kukhoti.

Aphunzitsi opuma: Nonse mwadumpha chulu. Ng'azi ya m'madzi imakumba chulu cha chiswe chamoyo nthawi ya mvula, n'kuikiramo mazira ofika mpaka 60. Chiswe chimamata dzenjelo, mazira n'kukhalamo miyezi yambiri akufunda. Ndiye m'chilimwe wina abwera kudzakumba dothi loumbira njerwa, mbumba yonse yathera pomwepo. Izi sizifuna ndalama. Amfumu ndi komiti ya zachilengedwe angoyendera zulu za m'mbali mwa mitsinje, n'kuika chizindikiro pa zosayenera kukumbidwa.

Mayi Msungichuma: Zimenezo ndiye tiyambe mwezi uno. Ine ndaima pa makola, tiyambire mabanja a m'malire enieni.

Wapampando: Mlembi, lemberani amfumu za chuluzo. Mayi, funsani mtengo wa waya ndi malata ku Bangula ndi ku Nchalo. Bambo, werengetsani ganyu wa kilomita imodzi ya njira. Tivota Loweruka manambalawo akabwera.