Za mtsinje uja: tiyambe ndi kuyeza madzi kapena kuzula namasupuni?

Wapampando: Mwaswera bwanji nonse. Ndalama tinasonkha ija ikukwana chinthu chimodzi basi, zoyezera madzi kapena mareki, zikwanje ndi magambutsi. Tiyeni timve maganizo.

Mlembi: Ine ndinene mosabisa, zoyezazi nzotaya nthawi. Madzi akununkha tonse tikumva, namasupuni watseka mpaka pamlatho, ndiye tiyeze chani? Tilowe tizule basi

Aphunzitsi: Achimwene, si tinazula chaka chatha? Mvula isanathe anali atadzadzanso. Chomera chimenechi chinachokera ku South America, madzi akakhala ndi chakudya chambiri chimatha kuwirikiza kawiri pa masabata awiri okha, ndipo njere zake zimakhala mmatope zaka ngakhale 20 zili zamoyo. Chakudya chake ndi feteleza wokokoloka mminda, ndowe, ndi zotuluka mzimbudzi. Ndiye tikapanda kudziwa kuti zimenezi zikulowera pati tizingozula chaka ndi chaka mpaka misana ithyoke.

Mlembi: Nanga kuyezako si mpaka akatswiri a ku labu?

Aphunzitsi: Ayi, zambiri titha tokha. Tisankhe malo atatu, kumtunda, pakati ndi kumunsi, tiziyeza tsiku lomwelo mwezi uliwonse komanso mvula yamphamvu ikagwa, nkumalemba mbuku limodzi. Pali timapepala toyezera pH, ndiye kuti muyezo wa asidi mmadzi, ya madzi akumwa ikhale pakati pa 6.5 ndi 8.5, tina nta naitireti, timeneti ndi tomwe tingatisonyeze feteleza. Palinso timabotolo tomwe timada bii pakatha tsiku limodzi kapena awiri ngati mmadzimo muli majeremusi a mchimbudzi. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati mmamililita 100 a madzi akumwa musapezeke jeremusi ya mchimbudzi yotchedwa E. coli olo imodzi. China chaulere, kuvundukula miyala nkuona tizilombo, mukamapeza misundu ndi tinyongolotsi tofiira tokhatokha ndiye kuti madziwo awonongeka.

Mayi a zaumoyo: Pepani ndilowererepo abambo. Amene mukuti mulowe mmadzi, nkhono zofalitsa likodzo zimakonda kubisala mmizu ya namasupuni yomweyo. Popanda magambutsi ndi magolovesi munthu asalowe chonde, makamaka ana asayandikire nkomwe. Ndaona ana akukodza magazi ine, zimandiwawa mtima.

Msungichuma: Bwanji osangopopera mankhwala zithe kamodzi?

Aphunzitsi: Bambo, akafa onse nthawi imodzi amawolera mmadzi momwemo, mpweya umatha nsomba nkufa. Wozulayo timuunjike kutali ndi gombe aume.

Agogo: Ana anga, ine changa ndi chammbali mwa mtsinje. Chaka chatha anyamata analambula zonse mpaka bango ndi nsenjere, gombe linatsala mbee, mvula itabwera dothi lonse linathera mmadzi. Chotsani lantana yekha, chitsamba chaminga chija, ameneyo ndiye amadwalitsa ng'ombe, ndipo muzikumba ndi chitsa chomwe apo ayi amaphukanso. Pomwe mwazulapo dzalani vetiva sabata yomweyo, mizu yake imalowa pansi mpaka mamita 3.

Mlembi: Zikomo agogo, pamenepo tinalakwadi. Koma ine ndikuopabe kuti buku lidzadzadza manambala namasupuni ali pompo. Tikapeza kuti vuto ndi khola kapena chimbudzi cha mnzathu wa mgulu muno, akamuuze ndani?

Wapampando: Funso limenelo ndi lolemera, tikambirana Loweruka pamaso. Pakadali pano ndikufuna anthu atatu odzipereka, mmodzi pamalo aliwonse. Aphunzitsi mutenga kumtunda?

Aphunzitsi: Ndatenga. Koma magambutsi wina andibwereke, anga anabooka.