Tikulimbirana mwana kukhoti, ndipite ndi chiyani?

Mayi wa ku Chinamwali:
Abale, ndithandizeni nzeru. Ine ndi bambo a mwana tinasiyana, mwanayo ali ndi zaka 6 ndipo akukhala ndi ine. Tsopano akufuna kumutenga, samani yafika kale. Kwatsala milungu iwiri. Ndikonze chiyani? Poti kwathu ndi kwa chikamwini, khoti silingangonena kuti mwana ndi wakuchikazi?

Wa ku Matawale:
Mayi, za chikamwinizo musaziikire mtima. Khoti la ana limatsata lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010, ndipo chimene limafufuza ndi choti mwanayo zimuyendera bwino ali kuti. Majisitireti amaona msinkhu wa mwana ndi kufunika kokhala ndi mayi ake, maganizo a mwana mwiniyo, kuti asalekanitsidwe ndi abale ake, komanso kuti asazulidwe mwachisawawa pamene anazolowera. Umboni wanu uyankhe zimenezo basi.

Tengani buku lake la kuchipatala, kadi ya kusikelo, chiphaso cha kubadwa cha ku NRB, malipoti a kusukulu ndi malisiti onse. Pepala lililonse lichitidwe fotokope katatu: imodzi ya khoti, ina ya mbali inayo, ina yanu. Enieniwo muwasunge m'jumbo, chifukwa lisiti ikanyowa muli pa kabaza inki imafufutikiratu.

Bambo a ku Sadzi:
Ndiwonjezere za ndalama. Mameseji a Mpamba kapena Airtel Money musafufute, kaya akuonetsa kuti bambowo amatumiza kapena anasiya liti. Asindikizeni, deti ndi nambala zizioneka. Za pa WhatsApp nazonso musadule pakati, mbali inayo ikabwera ndi nkhani yonse mudzaoneka ngati mumabisa. Lembaninso papepala zimene mwana amafuna pa mwezi: ufa, ndiwo, sopo, za kusukulu, mankhwala. Pa chithandizo khoti limaona mapezedwe a makolo onse awiri, ndiye musakokomeze mitengo.

Achemwali a ku Domasi:
Chimene chimagwetsa anthu ambiri si mapepala ayi, ndi pakamwa. Munthu amapatsidwa mpata wofotokoza za mwana, iye n'kuyamba kulongosola za chibwenzi cha mwamuna wakeyo. Zimenezo sizithandiza, pokhapokha zikukhudza chitetezo cha mwana, monga kumenyedwa kapena kusiyidwa yekha usiku chifukwa cha mowa, ndipo pamenepo pafunika lipoti la kuchipatala kapena la ku Victim Support Unit, ofesi ya kupolisi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Mwana musamuphunzitse zokanena. Wazaka 6 akayamba kulankhula mawu achikulu amadziwikiratu kuti walowezedwa. Musamubisenso kumudzi kapena kuletsa bambo ake kumuona popanda chifukwa. Bola inuyo mufike ndi maganizo anu a masiku oti azionana, monga kumapeto a sabata ndi pa holide.

Mboni zikhale zoona ndi maso: aphunzitsi ake, oyandikana nawo nyumba, kapena ankhoswe amene anakhalapo pa zokambirana. Awiri okwanira amaposa minibasi yodzaza achibale. A Social Welfare akhoza kubwera kudzaona pamene mwana amagona, muwalandire bwinobwino.

Wa ku Matawale:
Ndinaiwala: ngati mulibe ndalama ya loya, pitani ku Legal Aid Bureau kuno ku Zomba sabata inoyi, osati dzulo lake la mlandu. Ndipo tsikulo musajombe, khoti likhoza kupitiriza inu kulibe. Mukadwala tumizani munthu ndi kalata ya kuchipatala.