Genetic algorithm yanga yangoima pamodzimodzi, ndikulakwitsa pati?

Moni nonse pagulu pano. Ndithandizeni nzeru.

Ndikulemba kapulogalamu kodzipangira tokha ma test a pulojekiti ya Java. Ndinatsata search-based software engineering, dzina lija anabweretsa a Mark Harman ndi a Bryan Jones mu 2001: m'malo moganiza yankho ndi mutu, uisiye kompyuta isakesake, fitness function iziiuza ngati ikuyandikira. Ndikugwiritsa ntchito genetic algorithm, yomwe imasankha ma test abwino n'kuwasakaniza kuti apange m'badwo watsopano. Mibadwo yoyambirira coverage (gawo la code lomwe ma test adutsamo) imakwera bwinobwino, kenako zii. Ndakweza mutation (kusintha ma test mwachisawawa), ndachulukitsa population (ma test a m'badwo umodzi), koma ayi ndithu. Chandiwawa n'chakuti dzulo ndinayesa random search, yongotola manambala mwachisawawa, nayonso yafika pomwepo.

Fitness yanga imangowerenga ma branch (njira zomwe code imagawikira, monga pa if) amene test yadutsamo. Ambiri okanikawo ndi a mtundu wa if (valid), pomwe valid ndi boolean (true kapena false) yochokera ku function ina. Ndisinthire ku algorithm ina yosakira, monga simulated annealing, kapena?

Yankho loyamba: Algorithm musaigwire kaye achimwene, vuto lili pa fitness. Tiyerekeze pali if (x == 5000). Mmene mwalembera inumo, test ya x = 4999 ndi ya x = 3 zikupeza malikisi ofanana chifukwa zonse zalephera kulowa. Ndiye algorithm idziwa bwanji kuti inayo yatsala pang'onong'ono? Ikani branch distance, kusiyana kwa x ndi 5000, muphatikize ndi approach level, yomwe imawerenga ma if otsala kuti mufike pomwe mukufuna. Kuyeza branch distance kotereku a Bogdan Korel ankachita kale mu 1990. Popanda zimenezi simulated annealing nayo ingoyendayenda mumdima.

Wofunsa: Zikomo, zamveka. Nanga pa valid paja? Pali true ndi false basi, mtunda ndiupeza kuti?

Yankho lachiwiri: Limenelo amalitcha flag problem, ndipo lavutitsa anthu ambiri. Njira yake ndi testability transformation. Mumakopera pulogalamuyo, m'kopemo function ija izibweza nambala yosonyeza kutalika kwake ndi true. Kusaka kumachitikira pa kopeyo, ma test mukawapeza mumakawayendetsa pa pulogalamu yeniyeni. N'zotopetsa, sindikunamizani, makamaka function ikamaitananso inzake.

Yankho lachitatu: Ine funso langa ndi lina: random search ija munaiyendetsa kangati? Ngati n'kamodzi simunayerekeze kanthu, zinthuzi zimayendera mwayi. Iliyonse iyende ka 30 pa nthawi yofanana, kenako muyerekeze zotsatira ndi Mann-Whitney U, njira ya statistics yoonera ngati kusiyanako si mwayi chabe. Komanso ngati si za kusukulu, bwanji osangotenga EvoSuite, pulogalamu yopanga ma test a Java ya a Gordon Fraser ndi a Andrea Arcuri? Branch distance ilimo kale. Chenjezo lokha, ma assertion ake (mizere yotsimikizira zotsatira za test) amangojambula zomwe code ikuchita panopa, ngati muli bug nayonso amaivomereza.

Wofunsa: Ndi za kusukulu, ndiyenera kulemba ndekha. Ndipo inde, ndinayendetsa kamodzi kokha, manyazi andigwira. Ndiyamba ndi branch distance usiku uno. Funso lina: mtundawo (d) ndiuchepetse bwanji kuti usapose approach level? Ndaona ena akulemba d/(d+1), ena 1 − 1.001^(−d). Inu mumagwiritsa iti?