Za mwana wanga uja wosasunga ndalama

Miyezi ingapo yapitayo ndinafunsa mmene ndingaphunzitsire mwana wanga wa zaka 11 kusunga ndalama, poti iliyonse imene wapatsidwa inkathera zitumbuwa ndi mafilizesi. Ambiri munati ndisamangomupatsa, aziikhetsera thukuta. Zikomo kwambiri, zathandiza.

Tinamugawira kachigawo kudimba, anadzala mpiru. Akagulitsa, ndalama amaigawa patatu: ya mbewu, yodyera ndi yosunga, ndipo zonse amalemba m'kope. Chandikondweretsa koposa n'chakuti wazindikira yekha kuti akadya mpamba, geni yathera pomwepo.

Yosungayo ankaponya m'chitini, koma agogo ake anakana. Anati chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yogona m'chitini imangosungunuka. Ndiye mwanayo anagula msoti. Pano ukuikira, ndipo ya katemera wa chitopa waika kale padera.

Inu amene munati ndizimulipira akatsuka mbale kapena kusesa, pepani, pamenepo sindinagwirizane nanu. Ntchito za pakhomo si ganyu, naye amadya pomwepo. Mlongo wake wamng'ono wayamba kupempha kachigawo kake, akuti adzadzala tomato.