Kuika ma hard drive a SAS mu seva ya pakhomo

Wa ku Dedza boma: Akuluakulu, ndili ndi seva yaing'ono pakhomo momwe ndimasunga zithunzi za maukwati zomwe ndimajambula, ndipo malo atsala pang'ono kutha. Mlamu wanga wandibweretsera ma hard drive anayi akaunjika kuchokera ku Johannesburg, a SAS (mtundu wa polumikizira wa m'maseva a makampani), koma chingwe cha SATA (polumikizira pa makompyuta wamba) chikukana kulowa. Kodi ndilakwitsa pati?

Wa ku Lizulu: Simunalakwitse, achimwene, koma musakakamize chingwecho chifukwa muthyola mano. Polumikizira pa SATA sipangayendetse SAS, ngakhale kuti khadi la SAS limayendetsa mitundu yonse iwiri. Mufunika khadi la HBA (lolumikiza ma drive ku seva) lolowa pa PCIe (malo obayika makhadi pa motherboard), monga LSI 9211-8i, lomwe limanyamula ma drive 8, pamodzi ndi chingwe chochoka pa SFF-8087 (polumikizira pa khadi) kupita pa SFF-8482 (polumikizira pa drive). Khadili limatentha kwambiri, choncho mulimangirire kafani, musadalire kuzizira kwa ku Dedza, pakuti mu Okutobala langa linkaotcha chala ndisanatero.

Wa ku Ntcheu: Ndiwonjezepo za kaunjikayo, bambo. Muyambe mwaona ndi pulogalamu ya smartctl maola omwe ma drive-wo agwira kale ntchito. Ena ochokera m'makampani amabwera ndi ma sector (timagawo tosungamo deta) a 520 bytes, ndipo amafunika kuwasintha ndi pulogalamu ya sg_format kuti akhale 512, ntchito yomwe imatenga maola ambiri. Ndikukupemphani kuti musaiyambe opanda UPS (batire losunga magetsi akazima), poti magetsi athu amazima osatsazika.

Wa ku Dedza boma: Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba kusaka khadilo ku Lilongwe Loweruka lino.