Bokosi la ma hard disk anayi la QNAP TR-004: kodi ndi loyenera kusungiramo mavidiyo a maukwati?

Wojambula wa ku Area 25:
Akuluakulu, ndimajambula mavidiyo a maukwati ndi zinkhoswe, ndipo ma hard disk ang'onoang'ono andichulukira moti kasitomala akafuna vidiyo ya chaka chatha, ndimatha theka la ola ndikulumikiza disk imodziimodzi. Ndikulingalira zogula QNAP TR-004 n'kuikamo ma disk anayi a 4TB. Amene munaligwiritsapo ntchito, kodi mukuliona bwanji?

Mkonzi wa makompyuta:
Ndili nalo pa tebulo langa, achimwene. Limalumikizidwa ndi chingwe chimodzi cha USB-C cha 5Gbps, ndipo kumbuyo kwake kuli timaswichi ting'onoting'ono tosankhira mtundu wa RAID (njira yogwirizanitsira ma disk kuti azigwira ntchito ngati disk imodzi), kaya 0, 1, 5 kapena 10, kapenanso kuti disk iliyonse izioneka payokha. Mukasankha RAID 5, pa 16TB yanuyo mudzatsala ndi 12TB, chifukwa malo ofanana ndi disk imodzi amasunga zothandizira kubwezeretsa mafayilo disk ina ikafa. Chenjerani pamenepa: kusintha timaswichito n'kudina batani la SET kumafufuta zonse zimene zili m'ma diskimo, choncho sankhani musanaikemo kanthu. Pa liwiro musayembekezere zodabwitsa. Posungira ntchito yomalizidwa ndi labwino, koma mavidiyo a 4K amene mukuwakonzabe akhale pa SSD, disk yothamanga kwambiri yopanda zozungulira m'kati.

Mayi wa ku Blantyre:
Ndionjezepo za ma disk enieniwo, popeza bokosili limagulitsidwa lopanda kanthu. Funsani ngati ndi a CMR kapena a SMR, zomwe ndi njira ziwiri zolembera mafayilo pa disk. Mu 2020 zinadziwika kuti ma disk ena a WD Red anali a SMR, omwe amachedwa kwambiri RAID ikamadzimanganso mutasintha disk yakufa, ndipo ndicho chifukwa chake kunabwera dzina la WD Red Plus pa a CMR. A Seagate IronWolf nawonso ndi a CMR.

Agogo a IT:
Zonsezi nzoona, koma vuto lathu lalikulu kuno ndi magetsi. Ndinali ndi bokosi lina la mtundu womwewu, ndipo magetsi anazima likumanganso RAID 5 disk imodzi itafa. Magetsi atabwera, disk yachiwiri inayamba kulira mokhala ngati wotchi, ndipo zithunzi za zaka zitatu zinapita. Gulani UPS, batire lothandiza kuti bokosi lisazime magetsi akazima, tsiku lomwe mukugula bokosilo, osati mwezi wotsatira. Komanso RAID siiteteza mukafufuta fayilo molakwitsa kapena akuba akanyamula bokosi lonse, choncho mavidiyo a maukwati, omwe sangajambulidwenso kachiwiri, akhalenso pa disk ina yosungidwa kunyumba ina.

Wojambula wa ku Area 25:
Zikomo nonse. Ma disk akale aja ndimafuna kuwagulitsa, koma tsopano ndiwasiya kwa alamu anga ku Kawale mavidiyo ali momwemo. Bambo Mkonzi, kodi fani yake imasokosa usiku? Ndimagona m'chipinda momwemo.